Chiwongolero cha magemu chikayamba kugwedera: pezani pamene pakhwepa musanamasule bawuti

Muli mu gemu ya mpikisano wa galimoto, mwatuluka pa kona yomaliza ya bwalo la ku Monza ku Italy, msewu wawongoka, mwaponda moto mpaka pansi. Mukugwedeza chiwongolero pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, koma galimoto pa sikirini ili phee ngati simunaikhudze. M'manja mulibe kulemera kulikonse. Kenako matayala akwera timiyala ta m'mphepete mwa msewu, m'kati mwa chiwongolero mukumveka kho kho kho, ngati muli chitsulo chomwe chatsala pang'ono kuthothoka. Amakaniko a galimoto zenizeni amati chiwongolero chotere chili ndi pulei. Ambiri zikafika apa amathamangira sikuludiraiva, ndipo ndi pamene zinthu zimaonongekera, chifukwa kukhwepa si matenda amodzi. Ndi matenda angapo ofanana zizindikiro, ndipo ena mwa iwo sali n'komwe m'kati mwa chiwongolerocho.

Kuti muwasiyanitse, yambani mwadziwa kuti m'chiwongolero cha force feedback, chomwe chili ndi mota yokumvetsani msewu m'manja, mumadutsa mauthenga awiri olowera kosiyana. Woyamba umachoka m'manja mwanu kupita ku gemu: sensa imawerenga kuti mwakhotetsa madigiri angati n'kuuza kompyuta kapena PlayStation. Wachiwiri umachoka ku gemu kubwera m'manja mwanu: gemu imawerengera mphamvu imene matayala akutsogolo akukankhira chiwongolero, n'kulamula mota kuti ikukokeni kapena kukukanizani. Uthenga woyamba ukasokonekera, mumakhotetsa koma galimoto imachedwa kumvera kapena imapatuka yokha. Wachiwiri ukasokonekera, galimoto imamvera bwinobwino koma manja samva msewu. Wosewera amangoti chakhwepa, pamene mankhwala ake ndi osiyana kutalitali.

Kuyeza koyamba sikufuna chida chilichonse. Zulani magetsi ndi USB, gwirani chiwongolero ndi manja awiri. Chikankheni ndi kuchikoka ngati mukufuna kuchizula, kenako chiwerameni m'mwamba ndi pansi, pomaliza chizungulitseni pang'onopang'ono uku ndi uko mukumvetsera. Maso anu akhale pa bokosi la mota, osati pa mkombero. Bokosi likamasuntha limodzi ndi dzanja, vuto lili pa tebulo kapena pa zomangira. Bokosi likakhala chilili koma mkombero n'kumagwedera, vuto lili pamene mkombero walumikizana ndi shafiti. Zonse zikakhala nganganga koma pozunguza mukumva kampata kopanda kanthu musanamve magiya akugwira, apo ndiye m'kati. Ndipo ngati chili chozimitsa simukupeza chilichonse, koma mu gemu pakati pali pofewa, musamasule kanthu: nkhani ili mu masetingi.

Tebulo ndi limene anthu amalikhululukira msanga, chonsecho ndi lomwe limalakwa kawirikawiri. Ndinaonapo mnyamata atatsala pang'ono kutsegula chiwongolero chake chatsopano, pamene chimene chinkagwedera chinali thabwa lopyapyala la desiki, lomwe linkapindika nthawi iliyonse akakhota mwamphamvu. Chiwongolero cha Logitech G29 chimatulutsa mphamvu yopitirira pang'ono 2 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yopotokola), Thrustmaster T300 RS pafupifupi 4 Nm. Manambalawa amaoneka ochepa, koma mphamvu imeneyi imabwera mobwerezabwereza, uku ndi uko, kwa maola. Zopanira za pulasitiki zimalekera pang'onopang'ono, ndipo thabwa lofewa limaboola timaenje pamene zapana. Ikani kathabwa kolimba pansi pa tebulo kuti zopanira zigwire pamenepo, ndi kachidutswa ka chubu cha njinga pamwamba kuti bokosi lisaterereke. Musamangitse zopanirazo ndi mphamvu zanu zonse, zimathyoka. Njira yokhalitsa ndi mabawuti: pansi pa ziwongolero zimenezi pali mabowo a mabawuti a M6 omangira pa thabwa kapena pa chitsulo cha mpando wothamangira. Yezani kaye kutalika kwa bawuti, chifukwa yotalikitsa imalowa m'kati n'kukaswa zomwe yapeza.

Tikachoka pa tebulo tifika pa mkombero. Pa ziwongolero za Logitech za G25, G27, G29 ndi G920 mkombero umamangidwa ndi mabawuti 6 a Allen key ozungulira pakati. Amangitseni modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya kwake, monga timamangira tayala la galimoto, kuti mkombero ukhale mofanana mbali zonse. Akakhala olimba koma kugwedera kulipobe, kuseri kwa mkombero kuli masikuluwu atatu aatali omwe amagwira khosi lonse ku shafiti, ndipo kuti muwafikire muyenera kuchotsa mkombero. Pamenepa dekhani: kuseri kuli timawaya topyapyala ta mabatani, ndipo mukakoka mkombero mwamphamvu mumatidula. Ku Thrustmaster, pa T300 ndi anzake osinthika mkombero, pali mphete yaikulu ya pulasitiki yomwe imazunguzidwa kuti igwire mkombero, ndi kasikuluwu kamodzi kakang'ono koitsekera. Mpheteyi ikabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono, mkombero umayamba kugogoda. Masulani kasikuluwuko, mangitsani mphete ndi manja mpaka italekeza, bwezerani kasikuluwu osakakamiza, poti kamaluma mu pulasitiki.

Tsopano tilowe m'kati, kumene nkhani imakoma. Logitech inatulutsa G25 mu 2006, G27 mu 2009, G29 ndi G920 mu 2015, ndi G923 mu 2020, ndipo mtima wa zonsezi ndi umodzi: mamota awiri aang'ono, iliyonse ili ndi kagiya kunsonga, akuzunguza giya imodzi yaikulu yomwe ili pa shafiti ya chiwongolero. Magiya aliwonse pa dziko lapansi amafuna kampata pakati pa mano. Popanda kampatako mano amapanana, amatentha, amadyana. Choncho mota ikasiya kukankhira kumanzere n'kuyamba kukankhira kumanja, dzino limayenda kaye kampata kaja lisanagunde linzake. Pa msewu wosalala simumva. Koma pa timiyala ta m'mphepete, kapena pa msewu wa miyala mu gemu ya rally, gemu imatembenuza mphamvu kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kugundana kwa manoko ndiye kho kho kho uja.

G25 inali ndi mano owongoka, ndipo inkalira kwambiri pozungulira. Kuyambira pa G27 anaika mano opendekeka, omwe amalumana pang'onopang'ono m'malo mogundana dzino lonse nthawi imodzi. Phokoso la kuzungulira linachepa, koma mano opendekeka ali ndi khalidwe lawo: akamakankhana, mbali ina ya mphamvu imakankhira shafiti kutsogolo kapena kumbuyo motsata utali wake. Mphamvu ikatembenuka, shafiti ya mota nayo imatembenuka, n'kugunda kumapeto kwa malo ake. Ndiye chifukwa chake G27 kapena G29 yabwinobwino, yongotuluka kumene m'katoni, imatha kugogoda pa timiyala. Kumeneko si kuonongeka. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama: amafuna kuchotsa phokoso lomwe ndi chibadwa cha makinawo, n'kupanikiza magiya mpaka chiwongolero kuuma ndi mamota kumatentha.

Nanga mudziwa bwanji kuti kampata kapyola muyezo? Matani katepi pamwamba pa mkombero ndi kena pa bokosi, moyang'anizana. Chili chozimitsa, gwedezani ndi zala ziwiri zokha, muone kuti tepi ikuyenda mtunda wotani musanamve kulemera kwa mamota. Mkombero wa G27 ndi wa masentimita 28 m'mimba mwake, kotero digiri imodzi ndi pafupifupi mamilimita awiri ndi theka m'mphepete. Kampata kongomveka m'zala koma kovuta kukaona ndi maso n'kachibadwa. Tepi ikamayenda poonekeratu, kapena mukaona kuti kampata kakukula mwezi ndi mwezi, kapena kalipo pamalo amodzi pokha pamene kwina kulibe, pali chomwe chamasuka kapena chadyeka.

Mukaganiza zotsegula, kumbukirani kuti waranti ikhoza kuthera pomwepo, ndiye ngati chidakali chatsopano kambani kaye ndi amene anakugulitsani. Zulani magetsi. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse, ndipo masikuluwu muziwaika m'magulu, chifukwa amasiyana utali. Mukavundukula chivindikiro, musayambe n'kuchotsa magiya. Gwirani mota iliyonse ndi dzanja muigwedeze. Mamota amamangidwa pa chitsulo ndi masikuluwu, ndipo kunjenjemera kwa zaka kumawamasula. Mota ikasuntha pang'ono, kagiya kake kamatalikira giya yaikulu, kampata n'kukula. Kungomangitsa masikuluwu amenewa kumachiza ziwongolero zambiri zomwe eni ake anali atazitaya mtima. Pa sikuluwu yolowa mu chitsulo mukhoza kudontheza kadontho ka mankhwala a buluu omangira mabawuti, monga Loctite 243. Mankhwalawa asakhudze pulasitiki, amamuphwanya pakapita nthawi, ndipo ofiira asiyeni, chifukwa kumasula kwake kumafuna moto.

Kenako zunguzani giya yaikulu pang'onopang'ono mukuyang'ana dzino lililonse. Mano ambiri amadyeka pakati, chifukwa ndi pamene chiwongolero chimakhala nthawi zambiri. Mukaona ufa wa pulasitiki wosakanikirana ndi girisi, kapena dzino lobenthuka, palibe kumangitsa komwe kungathandize; pafunika giya ina, ndipo nthawi zambiri imachokera ku chiwongolero china chomwe chinafa mbali ya magetsi. Girisi wakale akauma kapena akadzaza fumbi amasanduka ngati mchenga. Pukutani ndi kansalu ndi kamswachi kakale, pakani watsopano wolembedwa kuti sawononga pulasitiki, monga wa silikoni. Girisi wakuda wa mabering'i a galimoto ayi, WD-40 ayinso, poti ameneyo amatsuka girisi yemwe analipo n'kusiya mano ali gwa. Girisi watsopano amachepetsa phokoso chifukwa amadzaza kampata, koma sabwezeretsa dzino lomwe ladyeka, ndipo wochulukitsa amangomwazikira pa sensa.

Pansi pa shafiti pali kachitsulo ka mano, kapena ndinene kathabwa ka pulasitiki ka mano, komwe kamatsetsereka uku ndi uko. Ntchito yake ndi kuimitsa chiwongolero chikakwana madigiri 900, ndipo pansi pake pali kachitsulo kopindika kokakankhira m'mwamba. Mukakachotsa osaika chizindikiro, pobwezera pakati pa chiwongolero pamasuntha: mbali imodzi chimazungulira kwambiri, inayo pang'ono. Lembani ndi maka pamene mano akumanirana musanakhudze.

Pali kukhwepa kwina komwe sikumveka m'zala koma kumazunza kuposa konse. Mwayamba mpikisano chiwongolero chili pakati, mukamafika raundi yachitatu mukuyenera kuchigwira chopendekeka kuti galimoto iyende mowongoka. Kapena pochiyatsa, m'malo mozungulira mbali zonse n'kuima pakati monga chimachitira podziyeza, chikumenya kumapeto mwamphamvu n'kuima pena paliponse. Apa chakhwepa ndi sensa. Pa G25 ndi G27, kumbuyo kwa mota imodzi kuli kambale kakang'ono ka pulasitiki kokhala ndi timipata, ndipo kuwala kumawerenga timipatato kakamazungulira. Kambaleka kamangokanikizidwa pa shafiti ya mota. Mota ikamatentha ndi kuzizira kwa zaka, kamang'ambika pakati n'kuyamba kuterereka, ndiye mota imazungulira koma kuwerenga kumatsalira. Ena amamata ndi guluu, ndipo zimagwira kwa kanthawi, koma chokhalitsa ndi kuikapo kena. Pali amene amapanga ta mkuwa. Musanaitanitse werengani timipata, chifukwa pali ta timipata 60 ndi ta 30, ndipo mukaika kolakwika chiwongolero sichidziyeza bwino. G29 ndi G920 zinasiya kuwala n'kuyamba kuwerenga ndi maginito, pogwiritsa ntchito Hall sensor. Kumeneko yang'anani ngati kabolodi ka sensa kali kolimba pa timasikuluwu take ndiponso ngati maginito sakugwedera pa shafiti.

Ziwongolero za lamba zili ndi nkhani yofupikirapo. T300 RS, yomwe inatuluka mu 2014, imagwiritsa ntchito malamba a mano m'malo mwa magiya, pamene T150 ndi TMX zimaphatikiza lamba ndi magiya. Aliyense amene anaimapo pa chigayo amadziwa khalidwe la lamba: akalekera amaterereka, akakungika kwambiri amadya mabering'i. Lamba wotamuka amapangitsa chiwongolero kumveka ngati mphira pakati, ndipo mphamvu ikakula amadumpha dzino n'kulira tha. Wotha mano kapena woyamba kusosoka ulusi ngofunika kusintha. Pomukunga, asiyireni kampata koti muthe kumudinikiza pang'ono ndi chala. Koma pa T300 musanaimbe mlandu lamba, onani nthawi: ngati chiwongolero chimayamba cholemera bwino n'kufewa patatha theka la ola, ndi kutentha. Mota ikatentha, chiwongolero chimachepetsa mphamvu chokha podziteteza. Pukutani fumbi pa timabowo ta mpweya, tsimikizani kuti fani ikuzungulira, ndipo tsitsani mphamvu pang'ono. M'miyezi yotentha ngati Okutobala, m'chipinda chopanda mphepo, izi zimabwera msanga.

Za direct drive, monga Fanatec CSL DD ya 2021 kapena za Moza ndi Simucube, zilibe giya kapena lamba. Mkombero uli pa shafiti ya mota yeniyeniyo. Zikagwedera, malo oyang'ana ndi awiri okha: cholumikizira mkombero, ndi mabawuti, kuphatikizapo a chopanira shafiti pa zimene zili nacho. Mangitsani motsata muyezo wolembedwa m'buku lake. Mphamvu ya 5 Nm, 8 Nm kapena 25 Nm pa tebulo wamba imagwedeza tebulo lonse, ndiye tabwereranso koyamba kuja.

Tatsala ndi mtundu wa kukhwepa womwe sufuna sikuludiraiva. Pa Windows lembani joy.cpl pamalo ofufuzira kuti muone zida zosewerera zomwe zalumikizidwa, tsegulani chiwongolero chanu, chisunthireni pang'ono kwambiri. Kachizindikiro pa sikirini kakamasuntha nthawi yomweyo, sensa ili bwino, ndipo kufewa komwe mukumva mu gemu kukuchokera kwina. Gwero lake loyamba ndi deadzone, kampata ka pakati komwe gemu simva mukakhotetsa. Magemu ambiri amaika kampata aka dala chifukwa cha osewera ndi padi, omwe timitengo take sitibwerera pakati penipeni. Pa chiwongolero n'kopanda ntchito. Taganizani: 2 peresenti ya madigiri 900 ndi madigiri 18, omwe pa mkombero ndi masentimita oposa anayi a kukhotetsa kopanda yankho. Ikani pa 0. Onaninso linearity, yomwe mu Euro Truck Simulator 2 amaitcha non-linearity. Ikakwezedwa imafooketsa pakati n'kukulitsa kumapeto. Mu G HUB, pulogalamu ya Logitech yosinthira masetingi a chiwongolero, sensitivity ikhale pa 50, pomwe ndi pamene dzanja ndi galimoto zimayendera limodzi. Ndipo madigiri a mu pulogalamu ya chiwongolero agwirizane ndi a mu gemu. Galimoto ya Formula 1 imafuna cha m'ma 360. Mukaiyendetsa ndi 900 gemu isakudziwa, mudzakhotetsa kwambiri kuti ipatuke pang'ono, n'kumati chiwongolero chakhwepa.

Gwero lachiwiri ndi lobisika. Mota yaing'ono ikalandira lamulo lofooka kwambiri, siyenda n'komwe, chifukwa mphamvuyo siikwanira kugonjetsa kulimba kwa magiya ndi kwa mota yomwe. Pa msewu wowongoka mphamvu zochokera ku matayala zimakhala zazing'ono, choncho gemu imalankhula koma chiwongolero sichiyankha. Ndi dzenje lija la pakati lomwe tinayamba nalo ku Monza. Mankhwala ake ndi minimum force, yomwe ilipo mu Assetto Corsa, Assetto Corsa Competizione ndi iRacing. Imakweza timphamvu tating'ono kuti tifike pamene mota imayambira kumva. Kwezani pang'onopang'ono, peresenti imodzi kapena ziwiri, mukuyesa pa msewu wowongoka. Dzenje likatsekeka, imani. Mukapitirira, chiwongolero chimayamba kudzigwedeza chokha uku ndi uko mukachisiya, ndipo apo bwererani pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasinthe zinthu zitatu nthawi imodzi, chifukwa simudzadziwa chomwe chathandiza. Ofuna kulondola kwenikweni amagwiritsa ntchito kapulogalamu ka WheelCheck, komwe kamayeza mmene chiwongolero chanucho chimayankhira pa mphamvu iliyonse, ndipo mu Assetto Corsa zotsatira zake amapangira fayilo ya LUT yowongola kuyankhako.

Ambiri akamva kufewa pakati amathamangira ziwiri: kuyatsa centering spring kapena kukweza gain, yomwe ndi mphamvu yonse ya force feedback, mpaka kumapeto. Zonse ziwiri sindizivomereza pa magemu omwe amawerengera okha mphamvu za matayala. Centering spring ndi sipuling'i yabodza yongokokera pakati, ndipo imaphimba uthenga weniweni. Matayala akumbuyo akayamba kuterereka simumva nthawi yake. Gain yokwera kwambiri imafikitsa mota pa malire ake pa kona iliyonse, zomwe amazitcha clipping, ndipo kona yaing'ono ndi yaikulu zimalemera chimodzimodzi. Pamwamba pa apo magiya amamenyana kwambiri, masikuluwu a mamota aja n'kumasukanso. Ngati chikukusowetsani mtendere ndi kugogoda pa timiyala, tsitsani road effects ndi kerb effects, masetingi a kunjenjemera kwa msewu ndi kwa timiyala, osati mphamvu yonse.

Mukamaliza kumanga, musanatseke chivindikiro zunguzani ndi dzanja kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena, mumve ngati pali pomwe pakugwira. Onani kuti palibe waya wogona pafupi ndi giya. Tsekani, mangani pa tebulo, lumikizani magetsi, chotsani manja, chisiyeni chidziyeze. Chizungulire mbali zonse mosadodoma n'kuima pakati, tepi ija ili moyang'anizana ndi inzake. Kenako pitani pa msewu womwe mumaudziwa bwino ndi galimoto yomwe mumaidziwa, muyende maraundi khumi, muonenso tepi. Ikakhala pomwepo, sensa yagwira. Pakatha sabata bwerezani kugwedeza kuja chili chozimitsa, chifukwa zopanira ndi mabawuti omangidwa kumene amalekera pang'ono m'masiku oyamba ndipo amafuna kumangitsidwanso kamodzi.